Nsomba za Desley Zabisala

Lolemba, 3 Novembala

Kutentha. Fani ya kudenga ikungotakasa mpweya womwewo. Desley akadali m'chipatala, sabata yachiwiri tsopano. Anapita ndi chiuno chothyoka atagwa pamasitepe a kuseri, koma akuti akumuyezabe zina. Zina ziti? Ine mwamuna wake sindikuuzidwa.

Nsomba zake zonse zabisala. Kathanki kake ka pabalaza kakuoneka ngati muli madzi okhaokha. Tija ta mizere yabuluu tapanikizana kuseri kwa kapampu, ija ya ndevu yalowa m'kamphika kosweka kali pansi. Ndawaza chakudya, palibe yotuluka. Tsiku lomwe ambulansi inamutenga anandiuza kuti, "Athol, ana angawa ndidzawapeze amoyo. Ukawapha usabwere kudzandiona." Anali kuseka. Ine sizikundiseketsa.

Lachiwiri, 4 Novembala

Tsiku la mpikisano wa akavalo. Kuchipatala manesi onse avala zipewa za nthenga monga mwa mwambo wa tsikuli, odwala maso pa TV. Kavalo amene ndinabetcherapo ndalama wafika anzake atamwa kale madzi.

Ndalowa m'chipinda cha Desley ali pafoni ndi mwana wathu Kerryn wa ku Brisbane. Kungondiona, wadula. Akuti amakamba za nsapato. Nsapato, munthu wosaponda pansi?

Wafunsa za nsomba. Ndati zikusewera bwinobwino. Wandiyang'anitsitsa, kenako wapempha madzi akumwa. Pamalo oimika galimoto pachipatalapa andimaliza m'thumba, ndipo bilu ya magetsi yafika.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndatunga madzi a m'thanki m'botolo la jamu, ulendo kusitolo ya ziweto. Mtsikana wa pamenepo, ndolo pamphuno ngati ng'ombe, wadonthezamo timankhwala take n'kunena kuti madzi alibe vuto. "Agogo, nsomba sibisala popanda chifukwa. Chilipo chikuziopseza. Kaya mthunzi, kaya wina akumagogoda galasi." Agogo ndi ndani? Ndamuuza kuti m'nyumba ndili ndekha ndipo sindigogoda. Wangokweza mapewa.

Pobwerera mutu sunakhale m'malo. Ndili ndekha zoona? Dzulo ndinapeza chitseko cha firiji chisanatsekeke bwino, mpando wa kukhitchini utasuntha. Ndinkati ndi ukalamba wanga.

Lachisanu, 7 Novembala

Kiyi wapadera amene amakhala pansi pa mphika wa maluwa palibe. Ndakumba ndi dothi lomwe. Ndafunsa Desley, akuti mwina watola ndi khwangwala. Waseka, koma kuseka kwa mano okha.

Madzulo Merv wa nyumba yoyandikana nafe wandikuwira pampanda akuthirira mapapaya ake: "Mdala, wadya lero?" Chikumukhudza n'chiyani? Chimwalirireni mkazi wake chaka chatha, sikutha sabata asanabwere ndi mango, ndipo onse amapatsira Desley m'manja, ine ndili pomwepo. Pa Khirisimasi kukalabu anavina naye nyimbo ziwiri zotsatizana. Anthu amati Merv ndi munthu wabwino. Chikomekome cha mkuyu.

Zaka zonsezi sindinamukayikirepo Desley. Lero ndikuchita manyazi, koma ndikukayika. Pali chimene akundibisira.

Loweruka, 8 Novembala

Ndisananyamuke kupita kuchipatala ndawaza ufa wa tirigu pansi, kuyambira pakhomo la kuseri mpaka pabalaza. Pobwera, mapazi mbee. Mapatapata aakulu, lakumanzere lodyeka chidendene. Achoka pakhomo, apita pafiriji, pabini ya zinyalala, kenako aima pathanki. Pagalasi pali chidindo cha chala chamafuta.

Mapatapata amenewo ndimawadziwa. Mwini wake amapita nawo ndi kumaliro komwe.

Mtima ukuwira. Sindinaphike. Kusesa ufawo kwandithyola msana.

Lamlungu, 9 Novembala

Kuchipatala sindinapite. Galimoto ndakaisiya kuseri kwa tchalitchi, ndabwerera wapansi, ndadzitsekera m'kachipinda kochapira. Thukuta kamukamu. Munthu wamkulu kubisala m'nyumba yakeyake.

Dzuwa litapendeka, kiyi khethe. Merv. Watsegula firiji, wanunkhiza mkaka, wasuzumira m'bini. Kenako pathanki, go go go ndi chikhadabo: "Muli bwanji atsikana?" Ndatulukira mopu ili m'manja. Wadzidzimuka mpaka patapata limodzi kuvuka.

Ndamutukwana mawu amene sindingawalembe muno. Iye wangoti, "Tsitsa mopuyo, chitsiru iwe. Kiyi anandipatsa ndi mkazi wako. Zinazo ukamufunse wekha, ine anandilumbiritsa." Ndimadikira kuti akane kapena andibwezere mwano. Ayi, maso ake anali atadzaza misozi. Chimenecho ndiye chandiopsa kuposa zonse.

Lolemba, 10 Novembala

Ndamufunsa Desley chitseko chili chotseka.

Pojambula chiuno madokotala anapeza chotupa m'fupa. Chinafalikira kale, palibenso chochita. Kerryn akudziwa. Merv akudziwa, poti mkazi wake anapita ndi matenda omwewo ndipo Desley ankafuna womufunsa. Manesi aja akudziwa. Wosadziwa ndinali ine ndekha, wogona naye bedi limodzi.

Anati, "Ndimafuna ndione kaye ngati ungathe kudzisamala ine kulibe. Ndinamutuma Merv aziona ngati ukudya. Akuti m'bini muli makoko a nthochi ndi zitini za mowa basi." Ndakalipa kuti wandiyesa mwana, wandinamiza pamaso pa msewu wonse. Iye wangofunsa: "Nanga iwe, nsomba zanga zikusewera bwinobwino?" Merv anali atamuuza kalekale.

Za kuvina kuja sindinatchule. Ndikanakonda chinsinsi chake chikanakhala chimenecho.

Ndalira m'galimoto mpaka mlonda kudzagogoda pawindo.

Lachisanu, 14 Novembala

Desley akubwera mawa. Wakana kutsalira m'chipatala, akuti masiku amene atsalawo awathere kunyumba. Kerryn afika Lamlungu.

Bedi lomwe achipatala atibwereka talilowetsa pabalaza ine ndi Merv, moyang'anana ndi thanki, momwe Desley walamulira. Merv ananyamula mbali yolemera osandiuza. Pochoka wandibwezera kiyi. Ndamuuza kuti asunge, koma akadzagogodanso galasi ndidzamudula chalacho. Wati, "Uyambe wadya, ndiye upeze mphamvu zodulira." Wasiya nyama yophikaphika pachitofu. Ndadya theka. Mchere wachuluka.

Nsomba zinali zitayamba kusuzumira chilekereni kugogodedwa, koma kukoka mipando kwa lero kwazibwezeranso kobisala. Zonse. Ndiye Desley azidzagona apa tsiku lonse, wosatha kudzuka, maso pa madzi opanda kanthu? Ayi. Zambiri sindingathe kumuchitira, koma ichi chokha.

Ndaimbira mtsikana wa ndolo uja. Akuti ndisaziimirire pamwamba, ndikhale pansi, chete, mpaka zindizolowere. Wailesi ndazimitsa, makatani ndatseka. Ndakhala pasimenti, msana kutsamira bedi lake. Maondo akulira. Miyendo yachita dzanzi kalekale.

Ya ndevu yatulutsa mutu m'kamphika. Dzanja langa likangoyenda papepala, ikubwerera.

Ndisiye kulemba.