Thabwa la Kumapazi

Lachinayi, 10 Epulo 2025

Mazira 4. Nkhuku 11, dzulo zinali 12.

Mwana wanga Fabiano wafika kuchokera kuntchito ku Chinzombo, tchuthi cha masiku 10. Ndamukhazika mphindi 5, ndamuyeza BP: 166/102. Zaka 46. Mapiritsi akuti anatha mu Febuluwale. Mwana wa namwino ameneyo.

Akhalanso Yesu pa sewero la Lachisanu Loyera, chaka cha 9. Mtanda wakale unadyedwa ndi chiswe. Luckson kalipentala wapanga wina. Ndapita kukauona. Wosalala bwino, wolemera. Thabwa lopondapo mapazi palibe. Akuti a Onesmus, akatekisiti athu, analikana, chifukwa pa kanema wa pafoni chaka chatha Yesu ankaoneka ngati waima pampando.

Lamulungu, 13 Epulo

La Kanjedza. M'tchalitchi anthu 143, osawerengera makanda.

Mapemphero atatha ndalankhula ndi komiti pansi pa mtengo. Ndawauza zimene ndikudziwa. Munthu akalendewera ndi manja chifuwa chimakokeka. Mpweya kulowa umalowa, vuto ndi kuutulutsa. Kuti apume bwino ayenera kudzikankha ndi miyendo. Miyendo ikatopa, basi. N'chifukwa chake asilikali ankathyola miyendo akafuna kuti zithe msanga. Pamwamba pake magazi otayika pokwapulidwa, ludzu, dzuwa. Sindinabise kuti madokotala sagwirizana za chimene chinamaliza Ambuye, kaya mpweya, kaya magazi, kaya mtima. Koma zingwe zokha, popanda msomali, zikhoza kukomola munthu.

Zanditembenukira. A Onesmus nkhope yonse kuwala: "A Sisita, zimenezo ndiye anthu azione ndi maso!" Awonjezera nyimbo pakati pa mawu asanu ndi awiri a pamtanda, ndime imodzi pa mawu alionse. Chaka chatha anakhala pamtanda mphindi 12. Ndawerengera, tsopano zifika 30. Pa 15 hours, ndi kutentha kwa m'chigwa muno.

Fabiano pobwerera: "Ndiye kuti zaka zonsezi ndinkangoimirira, Amama?"

Ndikanangokhala chete.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ndayesa ndekha. Nthambi ya mango kuseri kwa nyumba, manja otambasula, mawondo opinda. Masekondi 19. Mapewa akuwawabe. Mpongozi wanga Tabeth anandipeza, ndati ndikuwongola msana.

Mawu a pamtanda aja, onse afupiafupi. Kale ndinkayesa ndi mmene olemba anafupikitsira. Koma odwala chibayo kuwodi ankalankhula chomwecho, mawu atatu, n'kupuma. Zaka 34 ndinawamvera. Munthu wotero sataya mpweya pachabe, amapempha madzi kapena amaitana amake. Ambuye mpweya woyamba anaupereka kwa anthu owapha, wachiwiri kwa mbava. Za ludzu lawo anadikira mpaka kachisanu. Ndakhala ndikuzimva kuyambira ndili mtsikana, koma lero zandikhalitsa pansi.

Mapiritsi ndakatenga kukiliniki. Akumwa ndikuona. 158/98. Lachisanu akuti asala kudya, ngakhale madzi. Ndamupempha kawiri. Waseka.

Lachinayi, 17 Epulo

Luckson wavomera mobisa kukhomera chopondera pamtanda. Kathabwa ka zala zitatu, kopaka dothi kuti kasaoneke. Pokwana chidendene chokha.

Foster ndi mnzake ndiwo asilikali a m'sewero. Ndawaphunzitsa mfundo yongosolola, abwereza kasanu. Ndawauza kuti ndikakweza mpango atsitse, osadikira nyimbo. Foster anafunsa ngati akatekisiti akudziwa. Ndamukumbutsa kuti iye ndi akatekisitiwo mchombo ndinawadula ndine.

Malire ndaika: akapuma kopitirira 30 pa mphindi.

Pa Misa maganizo sanakhazikike. Anthu akukonza mitima, ine ndikukonza wotchi ndi ORS. Kodi ndi kusakhulupirira kumeneku? Yesu anafa kamodzi, zinakwanira. Sanapemphe mwana wanga. Ndikudziuza choncho.

Lachisanu, 18 Epulo

Ndilembe monga zinachitikira.

Anamukweza 15:06. Kunalibe kamphepo. Ndinaima ndi azimayi patsinde pa mtanda, wotchi m'manja. Kupuma 22.
15:11, 26.
15:15, chidendene chinaterereka ndi thukuta, anachibweza.
15:18, mawu achinayi. 29.
15:22, achisanu. Akumbuyo sanawamve. 34. Milomo yotuwa. Mutu unagwa nthawi yake isanakwane.

Azimayi kulira, ena kunena kuti chaka chino watha kusewera. Ndinakweza mpango. Foster anayang'ana akatekisiti, osati ine. Ndinakuwa dzina lake ndi mawu a kuwodi. Anasolola.

Tinamugoneka chagada pansi, miyendo m'mwamba. Masekondi 50 asanatsegule maso. Makumi asanu. ORS makapu 3, pang'onopang'ono.

Mawu awiri otsiriza sananenedwe. Anthu anabalalika opanda nyimbo.

Ine ndinali ndi mpango, ndinali ndi Foster. Maria, amake a Yesu, anaima pompo maola onse aja, akuona chifuwa chija chikukwera ndi kutsika, wopanda womukwezera mpango. Ndayesa kunena kolona, ndalekera pa chigawo chachiwiri.

Loweruka, 19 Epulo

Mazira 3.

Tabeth wabwera nazo kuchokera kumjigo. Akuseka kuti Yesu wa kwathu anapulumutsidwa ndi amake. Ena akuti ndawononga Pasaka wa mudzi wonse chifukwa cha sukulu. A Onesmus andidutsa panjinga, ngakhale mwaswera bwanji.

Fabiano m'mawa wonse m'nyumba, osandiyang'ana. Masana ndikutongola chimanga pakhonde anabwera, anakhala pansi, anatenga chimodzi n'kuyamba kutongola. Tinatha zisanu ndi chimodzi.

Kenaka iye, maso ali m'lichero: "Kuyambira pa mawu achitatu ndinkafuna kunena kuti Amama nditsitseni. Koma mpweya unkakwana chimodzi, kuitana inu kapena kunena mawu aja."

Ndinafunsa chimene chinamuletsa. Akuti manyazi basi, anthu onse aja ndi mafoni awo. Chikhulupiriro ayi. Wandipempha ndisauze munthu, ngakhale Tabeth. Anthu akuti iye anapirira mpaka kukomoka, ine ndiye ndinachita mantha. Akufuna zikhale choncho.

Zikhale choncho. Mawa ndikakhala pa benchi yanga yomwe ija, yachitatu kumanzere. Aseke mpaka atope.