Mapeji Oyera a Mayi Makaiko

Lachiwiri, 19 Novembala 2024

Kutentha. Mitambo ingounjikana kuphiri, mvula osagwa. Mwezi wanga wachitatu pasukulu pano, lero ndiye ndawaona ahedi atapsa mtima zenizeni. Nkhani yake mapepala. Anaitanitsa Mayi Makaiko, amene amatitaipira mayeso, n'kuwakalipira chitseko chili pululu. Akuti mayeso alionse amene mayiwa ataipa amatuluka m'pulinta ndi peji yoyera kumapeto, mwana aliyense yake, teremu ndi teremu. Marimu a mapepala akungotha. "Zikachitikanso ulendo uno, ndiuza komiti ya sukulu ipeze wina wodziwa kompyuta." Mawu awo enieni. Mayiwo anangoti, "Ndamva, bwana." Zaka 26 pampando umenewo, anayamba ndi taipulaita. Amasiye, akulera zidzukulu. Zandiwawa.

Lachinayi, 21 Novembala

Ndabwereka fulashi kwa Mayi Makaiko, ndati ndikonze funso langa la Jogalafe. Bodza. Ndatsegula palaputopu nthawi ya bureki. Peji yomaliza mbee. Ndadina kachizindikiro konga P wotembenuka, koonetsa zobisika. Enter, Enter, Enter, mndandanda mpaka pansi, oposa makumi anayi. Ndinaseka ndekha, kenako manyazi. Dzanja lozolowera taipulaita, lingatani? Ndawasankha onse, kufufuta, peji yapita. Mphindi imodzi. Munthu achotsedwe ntchito pa zimenezi?

Loweruka, 23 Novembala

Ku Songani sindinapite, zovala sindinachape. Mafayilo 22. Ya Masamu inandivuta, tebulo kumapeto, kachizindikiro kamodzi kotsalira kokana kufufutika. Ndakachepetsa mpaka saizi 1, kabwerera m'peji yam'mbuyo. Khosi kuwawa koma mtima mbee. Christobel iwe, lero wachitako chanzeru.

Lolemba, 25 Novembala

Ndawauza ahedi kuti Mayi Makaiko akonza okha. Anakondwa, n'kukaima papulinta kuonerera mayeso a Fomu 1 ndi 2 akutuluka. Enawo sabata yamawa, magetsi anathima.

Mayiwo ndinawanong'oneza kumbali. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwachotsa onse, mwanangu?" Ndati onse. Zikomo ayi. Ndakhumudwa, ndisaname. Loweruka langa lonse! Nawo a Jeremiya, aphunzitsi a Chichewa, tikutsika njira ya ku Mishoni: "Mwagwira ntchito, madamu. Tikaonana m'holo." Anthu apano kuyamika kumawavuta.

Lolemba, 2 Disembala

Ndayang'anira Fomu 1. Lamulo lake, mwana aliyense abwere ndi pepala lake loyankhirapo. Ana 74, opanda pepala 19. Ndinawawerenga kawiri. Makope anatha kalekale, makolo ali pa mbewu ndi feteleza. Ena kung'ambirana pepala limodzi pakati, ena kulemba tizilembo tonga nyerere m'mphepete mwa mafunso. Mtsikana wakutsogolo anatembenuza mayeso, kuyang'ana kumbuyo, kutembenuzanso. "Madamu, peji yolembapo ija palibe?"

Ndinamuuza kuti palibe. Ndinang'amba kope langa la mapulani ophunzitsira, silinakwane.

A Jeremiya akuti aphunzitsi onse amadziwa kuti ana amayankhira papeji yoyera ija. Amene sadziwa ndi ahedi okha, poti sachonga mayeso. Ndi ine, wodziwa kompyuta. Chakudya chamasana sindinadye.

Lachiwiri, 3 Disembala

Mvula yagwa, yoyamba yeniyeni. Ndawapeza Mayi Makaiko akusenda mango kuseri kwa ofesi. Ndinakonza mawu ambiri, anatuluka ndi "pepani" yekha. Anandipatsa chibenthu. Akuti kawiri konse anapempha komiti kuti izigawa mapepala oyankhirapo, kawiri konse inakana. "Ndiye ndinayamba kulakwitsa. Kulakwitsa kwa nkhalamba sakuvotera pamsonkhano." Ndafunsa, nanga ntchito yanu? Anangoti mwandipulumutsira inu, zikomo, n'kupitiriza kusenda. Zikomo ameneyo wandipweteka kuposa kukhala chete kuja.

Lachitatu, 4 Disembala

Magetsi abwera. Jogalafe wa Fomu 3 ndi wanga, dzina langa lili pamwamba. Ndatsegula fayilo, ndatsikira pansi pa funso lomaliza, Ctrl ndi Enter. Peji yoyera. Ndasindikiza 68, ndamenya sitepulo ndekha. Mantha alipo. Ndikadali woyeserera, lipoti langa alemba ndi ahedi.

Lachinayi, 5 Disembala

Ahedi aigwira peji ija ana asanalembe n'komwe. Analowa m'sitafurumu pepala lili m'manja, maso pa Mayi Makaiko. Mayiwo anali atayamba kale kudzuka, "bwana" ali pakamwa. Ndinati ndine. Ndataipa ine, ndasindikiza ine. A Jeremiya anaika kapu pansi, "Ana alembe kaye, bwana, zinazo pambuyo." Alemba. Wopempha pepala panalibe.

Mawa 7:30 ndikaonekere ku ofesi. Ndikanena zonse za ana 19 aja, dzina la mayiwa lokha ayi. Kaya kutuluka kalata, kaya chiyani.

Poweruka Mayi Makaiko anandiitana, fayilo yanga ili pakompyuta pawo. Anadina okha ka P kotembenuka kaja, osasakasaka n'komwe, n'kuloza mzere wanga wodumphira peji, umodzi, waukhondo. "Uwu aliyense aona kuti ndi dala, mwanangu. Ulendo wina muzidina Enter wambirimbiri."