Mkazi wanga akungoloza khadi la bwato

Aphungu,

Ndine bambo wopuma pa ntchito yoyendetsa basi. Mkazi wanga Affoué ankagulitsa attiéké, chakudya cha chinangwa, m'mawa, masana n'kumaombezera amayi anzake ndi makadi a tarot pakhonde. Sanawerengepo buku la makadiwo. Ankayang'ana chithunzi, kuyang'ana munthu, n'kuyankhula. Ine ndinkamuseka kuti akungopeka, iye n'kuti, "Inu bambo a Ahou, buku lingadziwe bwanji kuti mayi uyu anagona akulira? Pitani mukaombezere matayala."

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panatsekeka. Amamva zonse, koma mawu satuluka.

Tsiku lina ndinamuyalira makadi ake pamphasa kuti asangalale. Anasankha limodzi: mwamuna akupalasa bwato, m'menemo mayi wofunda nsalu ndi mwana. Mawa lake anasankha lomwelo. Ndinagula buku, ndaloweza matanthauzo onse ngati mwana wa mayeso, ndipo ndimalemba khadi lililonse limene wagwira. Bwatolo silisowa. Buku likuti tanthauzo lake ndi kusiya zowawa, ulendo wosabwerera. Nditamuwerengera, analikankha bukulo ndi phazi, misozi ili chuchuchu.

Aphungu, kodi akunditsanzika? Kapena watopa nane? Ndisiye kuwerenga ndizingomvera mtima ngati iye? Mtima wangawo ukungondiuza za maliro.

K.Y., Treichville

Bambo K.Y.,

Pepani. Koma yankho mwalilandira kale, ndi phazi. Akazi anu sankayankhula chinenero cha m'buku ali bwino, sangachiyambe lero. Mtima wanunso musaudalire panopa, uli ndi mantha, ndipo wamantha amaona manda paliponse.

Ine sindidziwa ngati makadi amaona zam'tsogolo. Chimene ndikuona n'chakuti mayi amene alibe mawu wapeza chithunzi. Tsekani buku, muike khadilo pakati panu, muzifunsa mafunso oti angogwedeza mutu. "Mayiyu ndiwe? Mwanayu ndi Ahou? Wopalasayu ndine? Pali amene wamusowa kutsidya kwa madzi?" Funso limodzi, kenaka dikirani. Musamumalizire. Mwina akufuna kwawo, mwina kamphepo ka pamadzi chabe. Ngati zili zolemera, muzimve kwa mwiniwake.

Itanani amayi aja ankakhala pakhonde. Wina akumbukira zimene Affoué ankanena likatuluka khadi limeneli, komanso iye akusowa phokoso lawo. Kuchipatala funsani za ophunzitsa odwala kuyankhulanso, ndipo muwauze za kulirako, poti kukhumudwa pambuyo pa sitiroko kuli ndi chithandizo. Mwana wanu Ahou akusenzereni mbali ina ya katunduyu.

Chenjezo langa: makadi asalowe m'malo mwa dokotala, ndipo asalowe m'malo mwa nkhope yake. Mukuweramira patsamba kufunafuna munthu amene wakhala pambali panu, akudikira kuti mumuyang'ane.

Aphungu