Ndinabisalira apongozi kuseri kwa chitseko

Chinakanaka, Mulanje
Lolemba

Wokondedwa mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino ku Korea pamodzi ndi amuna ako. Kuno tadzuka, mwendo wa abambo ako wasiya kutupa.

Ndikulemba za Loweruka lija, pamene munaimba foni abambo ako ndi amalume ako alipo. Buku loyambira Chikoreya, chilankhulo cha amuna ako, unatumiza lija ndaliwerenga kuyambira Malichi. Zilembo ndimazisanja m'timabokosi monga likunenera, mneni ndimaika kumapeto, ndipo moni waulemu ndinauloweza. Koma nkhope ya apongozi anga, amuna akowo, itangooneka pafoni, thupi linachita zomwe linazolowera. Ndinadziphimba chitenje n'kukagwada kuseri kwa chitseko.

Ndinakumva ukumasulira funso lawo: "Kodi amayi sakundifuna?" Amalume ako anaseka, amvekere, "Achemwali, sukulu yonse ija yathera kuchitseko?" Manyazi sanandichokebe.

Chonde uwafotokozere kuti kwathu kuno mpongozi sitimuyang'ana kumaso. Umenewo ndi ulemu, si chidani. Mudzaimbenso Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Moni ndidzapereka ndekha m'chilankhulo chawo, koma uwapemphe asadzadandaule ndikamadzalankhula nditayang'ana pansi.

Mulungu akusungeni nonse awiri.

Ndine mayi ako