Foda Imene Ndinawatsegulira Alamu

Golomoti,
16 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali a Scholastica,

Ndiyambe ndi choti museke, poti zotsatirazo sizoseketsa. Lolemba ndinaima pamaso pa komiti ya kopaletivi yathu ya mpunga, tayi ali pakhosi kutentha konseku, kuti ndiwaonetse ndandanda wa madzi othirira minda. Nditadina batani, kompyuta inandikana. Ine amene ndinatchinga makompyuta onse asanu a mu ofesi ndinaiwala kutsegulira laputopu yangayanga. Mayi Kadzuwa a ku buloko C anafunsa ngati ku koleji tinkaphunzirira makompyuta a mtundu wina. Anthu anaseka, koma iwo ayi. Mpunga wawo wauma.

Inu anamwino mumadziwa za jakisoni, osati makompyuta, ndiye ndifotokoze. Ndandanda wa madzi sitilemba pamanja. M'kati mwa fayilo muli kapulogalamu kotchedwa makuro, kamene kamagawa masiku: buloko A lero, B mawa, C mkuja. Kuipa kwake, makuro amachita chilichonse chimene awauza, ngakhale wowauzayo ndi mbava. Chaka chatha wina anabwera ndi fulashi kuchokera kosindikizitsa mapepala, mafayilo athu onse n'kusanduka zinyalala. Ndiye ndinayenda kompyuta ndi kompyuta kuletsa makuro, n'kusiya foda imodzi yokha pa netiweki imene makompyuta onse amaikhulupirira. Chimene chili m'menemo chimagwira ntchito osafunsa munthu. Aliyense amatha kutsegula n'kuwerenga, koma wosintha ndinali ine ndekha.

Ndinali ndekha mpaka munandiimbira mu Julayi kuchokera ku Mzuzuko, kuti alamu a Bernard akudziona kuchepa mu ofesi, kalaliki wathunthu kumagwadira mlamu wake wamng'ono kuti amukonzere dzina lolakwika. Munati ndiwaphunzitseko. Ndinawaphunzitsa masabata atatu, n'kuwapatsa chilolezo chosintha za m'fodamo. Amanijala sindinawauze. Ndivomere, amuna anu amagwira msanga maphunziro.

Kwa mwezi ndi theka buloko C yakhala ikulumphidwa tsiku limodzi pa sabata, madziwo n'kumapita ku A. Odandaula ankaonetsedwa pepala, ndipo kuno chotuluka mu kompyuta anthu amachilemekeza kuposa ulaliki wa Lamulungu. Nditafufuza dzana ndinapeza nambala imodzi yokha yosinthidwa. Kompyuta sidziwa chibale, achemwali. Yalemba tsiku, nthawi ndi dzina la wosinthayo. Buloko imene kuli munda wanu mukuidziwa nokha.

Amanijala anena kuti mawa ndikauze komiti chimene chinachitika, ndipo ngati olakwa ndi makina angawa, ndilongedze.

Alamu afika kwanga kuno dzuwa lili pamutu, moti ndikulemba ali pakhonde pomwepa. Mbale ya mtedza amaliza. Akamba za mpira, za minibasi za ku Salima zimene zimanyamula anthu ngati matumba, za mbuzi ya aneba. Atsanzika kawiri, kawiri konse n'kukhalanso pansi. Kenaka ati vayirasi ikuchita zodabwitsa masiku ano, ndipo m'komitimo mulibe angatsutse munthu wa dipuloma akati ndi vayirasi. Ndawakumbutsa kuti ndikatero ndiye kuti mpanda umene ndinamanga unali wabodza, ntchito yanga yathera pomwepo. Ati ntchito za makompyuta zili mbwee ku Lilongwe, munthu ngati ine ndikungodziwononga kuno kumatope.

Ndafunsa za Mayi Kadzuwa. Ati mayi amenewo amadandaula ngakhale mvula ikugwa.

"Alamu," atero, "mpunga umenewu mudzadya nawo pa Khirisimasi."

Ine ndangopitiriza kulemba, iwo n'kumasuzumira.

"Nanga mukulemba chiyani nthawi yonseyi, lipoti la mawa?"

"Kalata. Ikupita kwa akazi anu."

Ayamba kufufuza m'makoko ngati mwatsala mtedza. Afunsa ngati dzina lawo lilimo. Ndati lili m'ndime yachitatu, ndipo ndalilemba bwino, silifunika kukonza.

Ndikanakuimbirani, koma mukanayamba kundiitana dzina laubwana lija, ine n'kufewa ngati mu Julayi. Chilolezo cha alamu ndachichotsa kale m'mawa, nambala ija ndaibwezera, madzi afika ku C Lachisanu, ngakhale kwa ena afika mochedwa. Mawa ndikanena zonse ziwiri: kuti fodayo ndinaitsegula ndine mobisa, ndiponso amene ndinamutsegulira. Mwina atichotsa tonse awiri, tizikapezana kumsika wa Golomoti tikuyang'ana kumbali.

Tsopano adzukadi. Akukankha njinga kulowera kumsewu, osakwera, ndipo ulendo uno sanatsanzike.

Amayi ali bwino, kungoti mawondo aja. Mwana wanu Monica wakhoza mayeso a masamu, akufunsa tsiku lobwera inu. Mupereke moni kwa anamwino anzanu kusukuluko, ndipo muwerenge mwakhama, pakuti m'banja muno pakufunika wina wokhala pa ntchito. Za munda musade nkhawa, ndi wobiriwira kuposa yonse.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundifunabe,

Lonjezo