Galasi la Aneth

Lolemba, 8 Julayi

Mwendo ukadatupa. Aneth, mdzukulu wanga, wasiya chuo, sukulu yake yaukachenjede, kudzandisamala, ndipo wabwera ndi sanduku, bokosi lodzaza magalasi. Chipinda cha malemu agogo ake wachitseka ndi mabulangeti masanasana. Mayi Oliva a pa mpanda afunsa kale ngati mwanayu ali ndi pakati.

Akuti akuyeza kuwala. Kakuwala kofiira kamene kamapota ngati chingwe, pakati pake nkukhala kabowo kakuda. Amafuna kudziwa kapota kangati. Amakadutsitsa pa galasi lina, pakhoma pamatuluka mizere yakuda, mizere itatu ndiye kuti kapota katatu. Ndati zaka zonsezi kuchuo nkuphunzira kuwerenga mpaka atatu? Sanaseke. Chithunzi chikufunika kwa mwalimu, mphunzitsi wake, Lachisanu, apo ayi abwereza chaka. Chifukwa cha mwendo wangawu.

Lachiwiri, 9 Julayi

Mizere sikuoneka. Sanadye.

Lachitatu, 10 Julayi

Atapita kukandigulira mankhwala ku Mbamba Bay ndinalowa m'chipinda muja ndi ndodo yanga. Pali kagalasi kozungulira ngati chivundikiro cha poto, kamayenda pa kamota. Litsiro lake! Mbuu ngati diso la nsomba yogonera. Ana a chuo, buku amadziwa koma nsanza sayidziwa. Ndinakapukuta ndi mafuta a mashini yosokera, monga ndichitira sizasi kuopa dzimbiri la kunyanja kuno. Kanayera mpaka ndinaona zala zanga kuseri.

Madzulo Aneth anakuwa. Mizere itatu, bii, yooneka ngakhale ndi maso angawa. Anandikumbatira mpaka mwendo unalira. Za mafuta sindinamuuze, mumtima ndikuvina.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndachita choipa.

Tikusenda chinangwa anandifotokozera bwino. Akuti kuwala koyera aliyense amakuyeza, si nkhani. Ntchito yake ndi kuwala kosokonezeka, konga kamene kadutsa m'nkhungu kapena m'madzi ovunduka, pamene mizere imafufutika. Ndiye kagalasi kambuu kaja anakapanga dala kokhakhala, kuti kazisokoneza kuwalako. Mpeni unandigwa m'manja.

Chithunzi watumiza kale pa simu, foni yake ija. Mwalimu wayankha kuti hongera, wachita bwino, sanaonepo mizere yotere pa kuwala kosokonezeka. Inde sanaione, ndi mafuta anga.

Kagalasi kali kuseri kwa kabokosi kena, mumdima, sakayang'ana. Nditakhala chete apambana. Koma tsiku lina wina adzabwereza, zidzakanika, adzati mwana wa kwa Nyasa ndi wabodza. Ine amene ndinauza Polycarp katekisti pamaso pa anthu kuti amaba nthawi ya Mulungu, lero ndikubisira mdzukulu wanga zoona.

Lachisanu, 12 Julayi

Ndamuuza mmawa akundimanga bandeji. Anamaliza kumanga kaye, bwinobwino, mfundo ziwiri. Ndikanakonda akanandilalatira.

Anangofunsa kuti, “Agogo, mafuta ake ati?”

Anatsuka kagalasi ndi sopo, kenako sipiriti. Kanabwerera mbuu. Pakhoma phala lofiira lokhalokha. Ndinati mwina tingokhala chete, mwalimu ali kutali. Anandiyang'ana, ndinafuna kulowa pansi pa mphasa.

Anatuluka ndi simu kukaima pa muembe, mtengo wa mango uja. Ndinamva akupepesa, samahani mwalimu, katatu. Mayi Oliva khutu pa mpanda, ndinawafunsa ngati ndiwabweretsere mpando.

Loweruka, 13 Julayi

Mwalimu wampatsa mpaka Lachitatu, osapitirira. Kuyambira dzulo sanandilankhule, ngakhale phala wandiphikira.

Masana ano anatsegula chitseko nkundiitana. Akuti kamota kakugwedeza tebulo, pakufunika dzanja lolemera. Anandikhazika pa mpando, nkuika manja anga pamene akufuna.

“Gwirani apa. Musapukute kanthu.”

Ndinagwira mpaka mapewa anachita dzanzi. Iye akupotoza kagalasi kena pang'onopang'ono, mphuno pafupi ndi khoma. Ine sindikuona kalikonse. Kenako ndinamumva akunong'ona, umodzi. Patapita nthawi, wachiwiri.

Wachitatu sanaupeze. Wati mawa tikachoka ku Misa ndidzagwirenso.