Utsi Unafuka Kubwinja

Amayi anga, kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno kwacha, ngakhale nkhungu yakuta phiri la Mphunzi chiyambire dzana. Ndine Malita, mwana wanu uja munkamuseka kuti zolemba zake zili ngati pamene papalasa nkhuku. Pepalali ndapempha kwa a Yosefe, mkamwini wanu, amene akali kuphunzitsa pasukulu ya mishoni. Anandifunsa kuti ndilembera yani. Nditati ndilembera inu, anangopukusa mutu n'kundipatsa awiri.

Ndiyambe ndi zokoma. Ndinabereka mwana wamkazi nthawi yokolola, wonenepa, wa mphuno yanu yomwe ija, ndipo akafuna bere mudzi wonse umadziwa. Chimanga chinadzaza nkhokwe. Mbatata ya kachewere ija munkaikana kuti ndi chakudya cha azungu inabereka mpaka tinatopa kukumba. Mbuzi yanu yamawanga yokha ndiyo tinaluza, fisi anaitenga masanasana, wopanda ndi manyazi omwe.

Koma mukafuna kudzationa, musatifune pamudzi pathu pakale. Tinasamuka. Chaka chimene munapita chisanathe, kunabwera mesenjala wa Boma, chisoti chofiira kumutu, pepala atalipanira pakamtengo kong'alula kuti lisade. Anati midzi ing'onoing'ono yachuluka, mabwalo a milandu achuluka, ndipo kuyendera bwalo lililonse kukudya ndalama za Boma. Choncho mudzi wosakwana nyumba makumi awiri uphatikane ndi inzake, bwalo likhale limodzi, ndipo wopezeka akugona kubwinja nyumba yake itenthedwe. Wathu wa Kamtedza sunakwane. Wa Mphanda, kutsidya kwa kamtsinje kuja, sunakwanenso, pamodzi ndi ina iwiri ya kumtunda.

Amayi, ine kulemba ndimatha, koma sindinkadziwa kuti pepala lili ndi mphamvu yotere. Kanthu koti mphepo n'kukaulutsa kananyamula midzi inayi. Mukanaona tsiku losamukalo! Anthu sanafune kutaya udzu ndi phaso, ndiye ankazula madenga athunthu n'kulowa pansi pake amuna khumi khumi. Ine ndinaima pachulu, ndipo chigwa chonse chinali madenga okhaokha akuyenda, miyendo ikuoneka pansi, nyimbo ikutuluka m'kati. Munkakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga mukafuna kuti ndikuthandizeni kusinja. Tsikulo ndinaona ndi maso.

Titamanga, mfumu yaikulu imene Boma linasankha inaitanitsa msonkhano. Si munthu woipa ayi, amalankhula motsitsa. Khamu lotere sindinalionepo, moti a kumbuyo ankamva mawu kudzera pakamwa pa anzawo. Anapha ng'ombe. Akuluakulu a midzi inayi anamwera chikho chimodzi, n'kulumbira kuti kuyambira tsikulo ndife mudzi umodzi, mimba imodzi. Tinalulutira mpaka kukhosi kuuma.

Mlongo wanu, amalume a Chidule, anapereka kampando kawo ka milandu akuseka. Anati, "Andipumitsa. Milandu ya nkhuku yandikalambitsa." Koma kuyambira pamenepo anthu ankangowadutsa ndi madandaulo awo kupita kubwalo lalikulu, ndipo iwo ankakhala pakhonde tsiku lonse, kupereka fodya kwa aliyense wodutsa kuti mwina aimeko pang'ono. Anayamba kuwonda. Mvula itayamba chifuwa chinawagwira, ndipo Lachitatu la sabata yatha anatisiya. Mwina mwakumana kale, ndipo ndikukuuzani nkhani yoti mwaimva.

Apa ndi pamene tinaona chimene tonse tinaiwala pomwa chikho chija. Mudziwa inu kuti munthu sakumba manda a mbale wake, ndi ntchito ya adzukulu a kumanda, anthu a mudzi wina. Chiyambire makolo, a kwa Mphanda ndiwo ankatikumbira, ifenso n'kumawakumbira. Manda anu omwe anakumba ndi a Gwedeza, mkulu wa adzukulu uja wosowa mano akutsogolo, amene anakutukwanani pamaliro kuti munali aumbombo ndi mchere, mpaka tinaseka misozi ili m'masaya. Tsopano a Gwedeza nyumba yawo yayang'anana ndi yanga, ndipo nkhuku zathu zimaikira chisa chimodzi.

Ndinapita kukawagwadira. Sanandiseke, ndipo ichi ndicho chinandiopsa, chifukwa a Gwedeza osaseka sindinawaonepo. Anati, "Mwanawe, chikho chija ndinamwa ndine, pamaso pa anthu. A Chidule tsopano ndi akulu anga. Ndikagwira khasu, ndikhala ndakumbira mbale wanga, ndipo tsoka likabwera lidzagwera ana anga. Undiuze wekha, ndichite bwanji?" A midzi iwiri ya kumtunda ananena zomwezo, pakuti nawonso anamwa. Tinatuma anthu kuti akaitane a kutsidya kwa Linthipe, koma anabwerera pagombe, mtsinje utadzaza mpaka kukokolola mitengo.

A Yosefe anati akumba okha, pakuti Mulungu sayang'ana kuti khasu wagwira ndani. Mwina akunena zoona, iwo ndiwo amawerenga Buku. Inenso ndine wobatizidwa, koma mtima wanga unakana. Munthu amene anatilera bambo atamwalira, aikidwe popanda womusambitsa, popanda womutukwana, ngati mlendo wofera panjira? Ndinalira, Amayi, osati chifukwa cha imfa yokha, komanso manyazi. Tsiku linatha, lachiwiri linayamba, ndipo mudziwa mmene dzinja limachitira ndi mtembo. Amayi ogona pasiwa anayamba kufukiza masamba m'nyumba.

Mmawa wa Lachisanu tinaona nyumba za a kwa Mphanda zili zotseka. Onse anachoka, amuna, akazi, ana, mitondo, agalu, ngakhale tambala. Wina anati athawa manyazi. Ine ndinawatemberera mumtima, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalakwa.

Dzuwa litakwera nkhungu inang'ambika, ndipo wina anakuwa akuloza kutsidya. Pabwinja la kwa Mphanda, pamene kwa miyezi yonseyi panali zipupa zogumuka ndi chisoso, pankafuka utsi. Unakwera wowongoka, kenaka wina pambali pake, kenaka wina, mpaka ndinawerenga malo asanu ndi atatu. Tinamva mtondo ukugunda. Tinamva tambala. Mudzi wakufa unadzuka ife tikuona. Pambuyo pake ndinamva kuti sanatenge ngakhale khala limodzi la kuno. Anapeka moto watsopano ndi timitengo, kuti ukhale wawowawo.

Palibe anatiuza chochita. Amayi achikulire anangoimirira n'kumanga nsalu m'chiuno, ife n'kutsatira. Akamwini ananyamula amalume pamachira ngati wodwala, ndipo tinakwera njira yakale yopita kwathu, udzu ukutifika m'mapewa. Nyumba yanu ilibe denga, koma mafuwa anu atatu tinawapeza ali pomwe munawasiya. Ndinasonkha moto pamenepo. Tinagoneka amalume pakhonde panu, ndipo tinayamba kulira maliro monga mudzi wa Kamtedza.

Ndiye anatulukira. Anatsika mumzere, makasu paphewa, a Gwedeza patsogolo. Atafika pakamtsinje anaima, osawoloka, anthu oti dzulo lake tinkapemphana moto. A Gwedeza anakuwa, "Odi kumudzi kuno! Ife ndife alendo a kwa Mphanda. Tamva kuti kuno kwagwa nkhalamba ina yaulesi, yasankha kufa nthawi yopalira kuti tisiye minda yathu. N'zoona?"

Ndinayankha kuti, "N'zoona, lowani." Anawoloka. Anagwira nkhuku ziwiri zimene tinakwera nazo osapempha, monga mwa mwambo wawo. Anasambitsa amalume akuwanena kuti fodya wawo anali wosakoma, n'chifukwa chake ankangomugawa. Anakumba kudzanja lanu lamanja, pansi pa msuku uja, nthaka yofewa ndi mvula, ndipo dzuwa lisanapendeke mlongo wanu anali atagona pafupi nanu. A Yosefe anapemphera, a Gwedeza atavula chipewa. Munkati madzi saiwala khwawa, ine n'kumayesa mukunena za ana obwerera kwawo ukwati ukatha. Sindinkadziwa kuti mudzi wathunthu ungabwerere m'khwawa lake kwa tsiku limodzi.

Lamulo silinathyoledwe, pakuti palibe anagona kubwinja. Madzulo tinazima moto mbali zonse ziwiri, ndipo tinakumana pamphambano n'kutsikira limodzi kumudzi watsopano. Mkazi wa a Gwedeza anandilandira mwana kumsana poona kuti ndatopa. Mfumu yaikulu inatiyang'ana tikulowa, ndipo inangofunsa ngati maliro ayenda bwino.

Panjira a Gwedeza anandikoka padera. Kukwera phiri kunawathetsa mpweya, ndipo ndinaona kuti nawonso akalamba. Anati, "Mwanawe, maliro n'kulirana. Tsiku langa likadzafika, usadzandichititse kudikira masiku awiri. Ine ndilibe kupirira kwa a Chidule." Anaseka, koma mkono wanga sanausiye.

N'chifukwa chake ndalemba, kuti musadabwe. Ndinali nditaganiza zotsitsa mafuwa anu kuti ndiziphikira kuno, koma ndawasiya. Akhale komweko. Chaka chilichonse ndizikwera ndi khasu kukalambula njira yochokera pakhomo panu mpaka pakamtsinje, kuti amuna athu adzadutse bwino. Mukadzaona utsi ukufuka m'nyumba yanu yopanda denga, musadzayese moto wolusa. Ndidzakhala ndine, ndikudzutsa mudzi wanu kuti tikaike a Gwedeza, ndipo sadzadikira ngakhale tsiku limodzi.

Muwapatse moni amalume. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Malita